Mwendo Uti, Atate?

Pretoria,
12 Ogasiti 2024

Okondedwa Atate ndi Amayi,

Moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji ku Tamandako? Nanga aSisi Dailes ali bwanji ndi golosale yawo ku Chipata? Ine kuno ndilipo, ngakhale kuti kukhalapo kwake ndi kwapang'ono.

Musadabwe kuona kalata yapamanja ngati nthawi ya makedzana. Foni yanga ili m'kabati mwa dokotala wa maganizo wa timu yathu, mayi wina wodekha kwambiri. Ndinaipereka ndekha, chifukwa anthu a pa Fesibuku ankandidya wamoyo. Atsibweni a Ackim, popeza thiraki yawo imafika kuno ku Joni pafupipafupi, avomera kukhala positi ofesi yathu.

Zimene zinachitika pa mpikisano waukulu uja munaziona nokha pa TV. Mamita 800 ndi kuzungulira bwalo kawiri. Koyamba ndinazungulira bwinobwino, ndili patsogolo. Belu la kuzungulira komaliza litalira, chifuwa chinangotsekeka, m'makutu munangoti ngwiii, ndipo ndinaona ngati ndikufa. Ndinapatuka, n'kukhala pa kapinga, n'kuvula nsapato. Palibe amene anandiponda, palibe chimene chinathyoka. Miyendo yonse ili bwino. Chilipo n'chakuti kwa miyezi yambiri sindinkagona, chakudya chinkakana kutsika, ndipo ndikangoona nsapato zothamangira mtima unkagunda ngati wa munthu wozembetsa shuga pa malire a Mwami ataona yunifolomu.

Dokotala akuti ndi matenda ngati ena onse, ndipo amachira. Akuti othamanga ambiri otchuka amadwala zomwezi koma amabisa. Mankhwala ena akuti ndi kupuma pakati pa anthu ondikonda ngakhale ndisanawine kanthu. Ndiye ndikufuna kubwera kumudzi mu Okutobala, mwakachetechete.

Pempho langa ndi limodzi, makamaka kwa inu Atate. Poyankha musalembe za kuthamanga. Ndiuzeni za nkhuku, za mtedza, za amene wakwatiwa ndi amene wathawidwa. Ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Tamiwe


Tamanda,
25 Ogasiti 2024

Wokondedwa mwana wanga Tamiwe,

Chisomo ndi mtendere zikhale nawe. Ife kuno tadzuka, amayi ako a Alice akupereka moni. Kalata yako tailandira, ndipo monga mphunzitsi wopuma ntchito ndakondwa kuona kuti dzanja lako likuwerengekabe, ngakhale kuti mizere ikutsetsereka ngati njira ya kudimba.

Wapempha nkhani za nkhuku. Nkhuku zili bwino. Tambala wofiira uja akuthamangabe, ndipo ndaona kuti pokhota pa nkhokwe amatsamira mkati, osataya mphamvu kunja, chinthu chimene ndakhala ndikukuuza kuyambira uli Giredi 5. Koma za kuthamanga sindilemba, monga wapemphera.

Tsiku la mpikisano lija ndinabwereka TV yaikulu ndi jenereta, n'kuika m'holo ya tchalitchi. Abusa anatsegula ndi pemphero, kwaya inali itavala kale yunifolomu. Pamene unakhala pa kapinga paja, holo yonse inangoti zii. Ine ndinayesa kuti chithunzi chaima chifukwa cha jenereta, ndipo ndinatuluka kukaimenya.

M'mawa mwake anthu anayamba kufika pakhomo, amuna pansi pa mtengo wa mango, amayi m'khonde, ufa m'mabeseni, nkhuni pamutu, monga timachitira pa maliro. Ndinavala jekete lakuda kuti ndisawachititse manyazi. Kenaka a Boaz, mkulu wa mpingo uja amene alinso kalipentala, anandifunsa pamaso pa onse kuti, "Aphunzitsi a Daka, mwana watani?" Mwana wanga, ine ndaima kutsogolo kwa kalasi moyo wanga wonse, ndipo funso sindinalisiyepo lopanda yankho. Ndinati, "Mwendo." Anthu onse anausa moyo n'kuti, "Ooo, mwendo!" Atatero anamwa tiyi mwamtendere n'kubalalika.

Tsopano kalata yako ikunena zina. Ndakumva, koma za maganizozi tizisunge m'nyumba. Kuno ukangoti maganizo, anthu amamva misala. Mawa sipadzapezeka wokufunsira mbeta, ndipo kwa Dailes anthu adzasiya kugula ndi sopo yemwe. Mwendo ndi matenda aulemu, munthu amadwala mwendo n'kukhalabe munthu. Choncho ukamabwera uzidzatsimphina pang'ono potsika basi ndi polowa m'tchalitchi. M'nyumba uzidzayenda mmene ukufunira.

Mtedza tinakolola wochepa. Wothawidwa palibe mwezi uno.

Ndine atate ako,
Ezekiel Daka


Chipata,
26 Ogasiti 2024

Tami mng'ono wanga,

Uli bwanji? Ine ndili sharapu, bizinesi ndi yomweyo ya machesi ndi mabanzi. Kakalata aka ndakalowetsa mu envulopu ya adadi pamene atsibweni anaima pa golosale pano, chifukwa ndikudziwa kuti adadi akuuza theka lokha.

Imva tsono. Tsiku la chipepeso lija, adadi pansi pa mango anauza amuna kuti wavulala mwendo wamanzere. Nthawi yomweyo amama m'khonde, atangomva mphepo yakuti nkhani ndi mwendo, anauza amayi a Chigwirizano kuti ndi wamanja. Pa msonkhano wawo amayi anagwada n'kupempherera wamanja mpaka thukuta. Lamulungu akulu a mpingo anapempherera wamanzere. Ndiye amayi Ketilina, paja umawadziwa aja osaphonya kanthu ngakhale ali kumbuyo kwenikweni, anakweza mkono m'tchalitchi muja n'kufunsa kuti, "Pepani abusa, kodi mwanayu wavulala miyendo ingati?" Adadi anaimirira, anakonza tayi, n'kuti ululu wa akatswiri umasamukasamuka.

Sizinathere pomwepo. A Boaz akukusemera ndodo zoyendera, zamlombwa, akuti adzapaka ndi vanishi yemwe. Anachita kukwera minibasi kubwera ku tauni kuno kudzandiyeza ine m'khwapa, akuti ndife amsinkhu umodzi. Ndinaima pakati pa golosale manja ali m'mwamba ngati ndagwidwa ndikuba, makasitomala akuonerera.

Atachoka ndinaseka mpaka m'nthiti kuwawa. Kenaka ndinakhala kuseri kwa kauntala n'kulira zenizeni. Ndinaiona nkhope yako pa TV paja, Tami, si nkhope ya munthu womva mwendo. Ndi yomwe ija unali nayo uli kamtsikana, tsiku lomwe unakhala wachiwiri pa mipikisano ya masukulu, adadi osakulankhula njira yonse yobwerera kunyumba. Amakukonda mdala uja, koma chikondi chawo chimabwera chitanyamula choko.

Ine ndawauza kuti zotsimphinazi ndi zamasewera. Akuti ine ndisalowerere, sindinathamangepo ngakhale pothawa mvula.

Uzidya, wamva? Ndipo ukamabwera usaiwale wigi ija ndinakuuza. Kudwala n'kudwala, koma wigi ndi wigi.

Sisi wako,
Dailes


Pretoria,
8 Seputembala 2024

Okondedwa Atate,

Moni. Ndikhulupirira kuti inu ndi Amayi muli bwino. Ine ndayamba kugona pang'ono, ndipo m'mawa ndimayenda pansi kuzungulira hositelo, osathamanga.

Kalata yanu ndinamuwerengera dokotala, ndikumasulira m'Chingelezi. Pa nkhani ya tambala anaseka mpaka kuvula magalasi. Pa nkhani yotsimphina sanaseke. Anangondifunsa kuti, "Nanga iwe ukufuna chiyani?" Atate, chiyambireni kuthamanga palibe amene anandifunsapo funso limeneli.

Ndaganiza, ndipo yankho ndi ili. Ndatopa ndi kunamizira. Kwa kochi ndinkati ndili bwino. Kwa atolankhani ndinkamwetulira. Kwa inu pa foni ndinkati mendulo ikubwera, kenaka ndikadula foni n'kukasanza. Kunamizira kumeneku ndi kumene kunandikhazika pa kapinga paja dziko lonse likuonerera. Tsopano mukuti ndidzapitirize kumudzi, ulendo uno ndi ndodo zavanishi.

Sindikukwiyirani. Sindinaiwale kuti munagulitsa mbuzi kuti ndivale nsapato zanga zoyamba. Koma mwana wovulala mwendo amene Tamanda akumudikirayo kulibe. Amene alipo ndi uyu wamanthayu, amene amadzidzimuka akamva belu, amene sakudziwa ngati adzathamanganso. Ngati ameneyu alibe malo pakhomo panu, ndingokhala konkuno. Anzanga onse akupita kwawo mu Okutobala, pa hositelo tidzatsala ine ndi mlonda. Dokotala akuti si bwino kuti ndikhale ndekha nthawi ino, ndipo kunena zoona inenso ndikuopa. Koma kutsimphina kokha ayi.

Tikiti sindigula mpaka ndimve kwa inu.

Mwana wanu,
Tamiwe


Tamanda,
22 Seputembala 2024

Wokondedwa Tamiwe,

Mtendere ukhale nawe. Atsibweni ako sanaonekebe, paja iwo anadya matako a galu, ndiye kalatayi ndapatsira dalaivala mnzawo wina. Yankho lako sitinalandire. Popeza munthu akakhala chete ndiye kuti wavomera, ndikuthokoza chifukwa cha kumvera kwako, ndipo ndikudziwitse pamene tafika.

Choyamba, nkhani ya mwendo uti yatha. Tinakhala pansi ndi amayi ako ndipo tagwirizana wamanzere. Iwo agonja monyinyirika, akuti wamanja unali wokhulupirika kwambiri chifukwa ndi umene unali pafupi ndi kamera. Uloweze pamtima, wamanzere. Ngati ukuopa kuiwala, mangapo kansalu.

Chachiwiri, mphunzitsi saphunzitsa chimene sanachiyese, choncho ndakhala ndikuyeserera kuseri kwa nyumba. Ndapeza kuti phazi sukuyenera kulikoka kwambiri, chifukwa umaoneka ngati wa sitiroko ndipo mafunso amachuluka. Ponda ndi zala zokha, tsinya nkhope pang'ono, ndipo pokwera masitepe uziyamba ndi wabwinowo. Tsoka ilo, amayi Ketilina anandiona kudzera pa mpanda ndili mkati moyeserera. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti Aphunzitsi nawonso wawagwira mwendo, ndipo ndi matenda a kumtundu. Tsopano mpingo ukupempherera tonse awiri. Ine ndikukakamizika kutsimphina popita kutchalitchi ndi kuchigayo, ndipo ndikuuze, ndi ntchito yotopetsa kuposa kupalira. Chiuno chayamba kundiwawa zenizeni.

Abusa akonza kuti ukadzafika udzakhale kutsogolo, ndi kampando koikapo phazi. Amayi ena abweretsa kabotolo ka mafuta a nsato otikitira. Tinalandira, nanga tikanakana bwanji? Amayi ako akuti tiyambe ndi ine.

Iwo masiku ano sakudya bwino. Akuti ndikufunse ngati ukugona tulo. Ine ndinati funso limenelo silikugwirizana ndi matenda a mwendo, koma anandiyang'ana ndi diso lija, ndiye ndalemba. Kodi ukugona?

Atate ako,
Ezekiel Daka


Chipata,
7 Okutobala 2024

Tami,

Moni, moni, za moyo tifunsana pambuyo. Usang'ambe kalata ino. Ndikudziwa kuti malangizo a adadi a katsimphinidwe anakufika, ndipo unayesa kuti ndilo yankho lawo pa kalata yako ija. Ayi ndithu! Polemba zija anali asanaione. Kalata yako inagona pa Mwami milungu yonseyi m'thiraki ya atsibweni, mapepala a katundu atavuta. Pa Mwami pomwepa, poti akanatha kutuma aliyense wobwera ku tauni! Anaiwala. Anaikumbukira tsiku lomwe ankafuna pepala lokulungira chipisi. Yafika ili ndi mafuta pakona.

Loweruka ndinatseka golosale n'kupita nayo ndekha kumudzi. Adadi anayamba kuwerenga ataimirira, anamaliza atakhala pansi. Kenaka ananyamuka kupita kudimba opanda khasu, n'kukakhala kumeneko mpaka dzuwa kupendeka. Pobwera sanadye. Amama anaitenga kalatayo, ndinawawerengera, ndipo pamene unati mudzatsala iwe ndi mlonda anangophimba nkhope ndi chitenje.

Lamulungu tsono. Nthawi ya zolengeza a Boaz anabwera kutsogolo atanyamula ndodo zija, zikuwala ngati bokosi la maliro a munthu wolemera, kuti mpingo uzione. Anthu anaomba m'manja. Adadi anaimirira n'kuyamba kupita kutsogolo, akuyenda mowongoka bwinobwino. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Aleluya, achira Aphunzitsi!" Kwaya inatsala pang'ono kuyambitsa nyimbo.

Adadi anakweza dzanja. Anati, "Abale, miyendo ya mwana wanga ili bwino yonse iwiri. Yanganso ili bwino. Tamiwe akudwala maganizo. Ali ndi mantha aakulu, tulo sakulipeza, ndipo ali m'manja mwa dokotala. Za mwendo zija ndinanena ndine chifukwa cha manyazi. Akufuna kubwera kwawo, ndipo ine ndikumufuna mmene alilimo."

Ndinaona mkono wa amayi Ketilina ukukwera, ine mumtima n'kuti basi tatha. Anati, "Ndiye milungu yonseyi takhala tikupempherera malo olakwika?" Amama, amene salankhula m'tchalitchi chibadwire, anayankha ali chikhalire kuti, "Mulungu ankadziwa pomwe pakupweteka, osadziwa tinali ife." Abusa anati ameni mofulumira. A Boaz anabwerera kumpando atakumbatira ndodo zawo, osadziwa poziika.

Potuluka ena anatipatsa moni, ena anatilambalala. Pa golosale pano lero makasitomala sanachepe, sopo akugulabe, ngakhale kuti ena amagula machesi kuti angondiyang'ana m'maso ngati nanenso zandiyamba.

Za wigi zisiye ngati zikuvuta. Bwera wekha.

Dailes


Tamanda,
9 Okutobala 2024

Tamiwe mwana wanga,

Moni. Ife tadzuka. Amayi ako ayambanso kudya, ndipo akuchapa makatani a kuchipinda kwako ngakhale kuti anali oyera kale.

Za Lamulungu Dailes wakuuza, ndipo ndikudziwa kuti wathiramo mchere. Ine ndikuuze zimene zatsatira. Ndinkayembekezera kuti pakhomo pano pamera udzu, koma anthu akubwera, mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chonamizira. Woyamba anali a Boaz, akuti adzafunse chochita nazo ndodo. Tinakambirana za ndodo mpaka nkhani inatha, iwo osanyamuka. Kenaka anati mwana wawo Innocent, chibwerereni ku migodi chaka chatha, satuluka m'chipinda, salankhula, amangoyang'ana khoma. Ife tonse ankatiuza kuti ndi malungo. Bambo wamkulu uja analira pakhonde langa, ine n'kumangoyang'ana nkhuku. Dzulo kunabwera amayi Ketilina kudzabwereka sefa, n'kubwerera osaitenga, atandiuza za mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo, amene chiberekereni mwana amangolira. Ufunse dokotala wakoyo ngati ku Chipata kuli anzake a ntchito yomweyo, chifukwa zikuoneka kuti theka la mpingo lakhala likutsimphina mwendo wolakwika.

Sindikubisa, olankhula zoipa aliponso. Ena akuti unalodzedwa ndi amene anawina uja. Ena akuti ndi kunyada kwa ku Joni. Alankhule, pakamwa ndi pawo, adzatopa. Ndodo zija tapereka kwa mkulu wina wa ku Chipangali amene anagwa pa ngolo, ndipo akuti ndi zazitali pang'ono koma akuthokoza.

Gula tikiti. Ukafika ku Chipata ugone kwa Dailes, m'mawa ukwere minibasi. Pa mphambano sipadzakhala kwaya kapena abusa. Padzakhala ine ndi njinga yanga, ndipo amayi ako asoka kapilo ka pa keliyala. Ukadzafuna kulankhula tidzalankhula. Ukadzafuna kulira, msewu ndi wautali ndipo wopalasa amayang'ana kutsogolo. Zoti udzathamanganso kapena ayi udzaona wekha ndi dokotala wako, ine pamenepo ndachotsapo dzanja.

Ndikuchenjezeretu chimodzi. Masiku ano pa chitunda chija ndimapalasa pang'onopang'ono, moti ana a sukulu oyenda pansi amandipitirira, ena mpaka kundipatsa moni kawiri. Usadzatsike kuti undithandize kukankha, udzangokhala. Onse otsika minibasi imeneyo adzafika kwawo ife tisanafike. Tidzafika omalizira, mwana wanga, ndipo amayi ako adzakhala ali pakhomo, akutidikirabe.

Ndine atate ako,
Ezekiel